Shandeliya ya ku Joni ndi khoma lomwe tinalipaka kawiri

Katoni ija inafika pa basi yochokera ku Johannesburg itakulungidwa ndi selotepi wambirimbiri, moti poitsegula tinachita kutenga mpeni wa kukhitchini. Achimwene anali atandiimbira kale katatu konse. "Chemwali, muwauze anyamata a kudepoti asakhalirepo. Muli magalasi mmenemo." Titatsegula tinapezamo timikono tachitsulo takuda 6, toonda ngati bango, mipira yagalasi 6 yoyera ngati mkaka, uliwonse m'kathumba kake, ndi timikombero ta mtundu wa golide wosanyezimira kwambiri, togwira mipirayo pakhosi. Pepala la malangizo linali la zithunzi zokhazokha. Mwana wanga wamng'ono ananyamula mpira umodzi n'kufunsa ngati ndi dzira la nthiwatiwa, ndipo mtima wanga unali m'mwamba mpaka atauika pansi.

Imeneyi inali mphatso yolowera nyumba. Nyumbayi taimanga ku Area 49 kwa zaka 7, njerwa chaka chino, malata chaka cha mawa, monga amamangira aliyense wodalira malipiro a pamwezi. Pojambulitsa pulani, bambo a kunyumba anaumirira kuti pakhale kachipinda kolowera, kuti mlendo akatsegula chitseko asamangogwera pakati pa anthu akudya nsima. Ine ndinakulira m'nyumba yomwe chitseko chakunja chimatsegukira pabalaza penipeni, ndiye kachipinda aka sindinkadziwa kuti anthu amakatani. M'lifupi ndi mamita 2.4, m'litali mamita 3, siling'i ili pa mamita 3. Simukhala sofa, simukhala kabati. Muli chitseko, khoma loyang'anizana nacho, ndi khomo lopita pabalaza, basi. Achimwene ataona chithunzi pa WhatsApp anati pamenepo pakufunika shandeliya, ndipo poti iwo akanena anena, inabweradi.

Dzina loti shandeliya linachokera ku Chifalansa, ku mawu otanthauza kandulo, chifukwa zoyambirira zinali mitanda yamatabwa yolendewera m'matchalitchi, yokhomapo makandulo. Ndiye kuti nyale ya achimweneyi ndi kandulo wa pagolosale ndi pachibale. Kwathu kuno amalandiranadi ntchito: wina akagona, mnzake amadzuka.

Penti ndinasankha ndekha, ndipo vuto linayambira pamenepo.

Masiku amenewo nyumba iliyonse yokongola yomwe ndinkaiona pa Facebook ndi pa Pinterest inali ya gireyi. Khoma gireyi, pansi gireyi, sofa gireyi, ndipo pamwamba nyale yakuda ndi golide ngati yangayi. Foni inadzaza zithunzi. Tsiku lina masana, dzuwa lili paliwombo, ndinalowa m'sitolo ya penti m'tauni, n'kuyala tchati cha mitundu pakauntala, n'kumayerekeza timabokosi take tating'ono ngati sitampa ndi chithunzi cha m'foni. Ndinaloza kamodzi. Anandisakanizira pamakina chidebe cha malita 20, chifukwa ndinkafuna gireyi yemweyo apitirire mpaka m'kolido. Apa n'kuti kwacha itagwa kale ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zomangira ikukwera sabata ndi sabata, choncho chidebe chimenecho sichinali chogula moseweretsa.

Apenta athu ndi bambo wachikulire, anayamba ntchitoyi nyumba zambiri zikungopakidwa laimu. Atatsegula chidebe anavundula ndi kamtengo, n'kuyang'ana kudenga komwe mawaya ankalendewera, kenako n'kuyang'ana ine.

"Mayi, pentiyu munamuonera kuti?"

"Kusitolo, bambo."

"Masana?"

"Eya."

"Nanga nyale yanuyo muziyatsa masana?"

Ndinaseka, n'kumayesa ndi nthabwala za achikulire. Ndinawauza kuti apake basi. Anapaka makoti awiri, mwaukhondo, osadonthezera pansi ngakhale kadontho.

Loweruka kunabwera mnyamata wa zamagetsi. Shandeliya inabwera yopanda mababu, ndipo mabowo ake ndi a sikuluu yaing'ono, aja amalemba E14, pomwe m'magolosale a kwathu mumadzaza mababu a pini, a B22, ndi ena a sikuluu yaikulu, a E27. Mnyamatayo anazungulira tauni, n'kubwera ndi 6, akunena monyadira kuti wasankha owala kwambiri. Patimabokosi take panalembedwa 6500K. Sindinalabadire.

Tinadikira kuti kude. Tonse tinaima pakhonde, ana, bambo awo, ngakhale kamtsikana ka aneba, ndipo ndinadina swichi. Kunali zii. Khoma lija, lomwe masana linali lofatsa ngati nthenga za njiwa, linalowera ku buluu wozizira, ngati m'kolido ya chipatala pakati pa usiku. Golide uja anaoneka ngati chivundikiro cha chitini. Nkhope za ana zinatuwa ngati sanadzole. Bambo a kunyumba anangoti, "Koma kukuwala," n'kulowa m'kati. Amene ali pabanja akudziwa kulemera kwa mawu otero.

Lamulungu, potuluka kutchalitchi, apongozi anadzaona nyumba. Anaima pakhomo, n'kusisita khoma ndi dzanja, n'kugwedeza mutu mokhutira.

"Simenti yauma bwino iyi, apongozi. Nanga penti mupaka liti?"

Sindinawayankhe. Ndinapita kukatereka madzi a tiyi.

Ndinayambira pa mababu, poti ndi otsika mtengo kuposa penti. Nambala ija yothera ndi K, yomwe ndinkaidumpha moyo wanga wonse, simanena za mphamvu ya babu. Imanena za mtundu wa kuwala kwake. K akuimira Kelvin, wasayansi yemwe anaphunzitsa zaka zambiri ku Glasgow. Chosokoneza n'chakuti nambala ikachepa kuwala kumafiirira, kumafunda m'maso, ndipo ikakula kumayera mpaka kulowera ku buluu. Lawi la kandulo silifika 2000K. Mababu akale aja, otentha ukawagwira, anali cha m'ma 2700K. Pakatikati pali 4000K. Tsono 6500K ndi kuwala kwa masana kunja kuli mitambo. Kuchuluka kwa kuwala amakulemba padera, m'malumeni. Ambirife timathamangira 6500K poganiza kuti ndiye lamphamvu, ndipo sindikutinyoza: munthu amene anawerengera mayeso pa koloboyi, babu loyera mbee amaliona ngati chitukuko. Kukhitchini ndi kubafa kuwala kotero kuli ndi ntchito. Koma pakhomo polandirira alendo, pansi pa golide, n'kulakwitsa.

Ndinapeza a 3000K. Titawaika, shandeliya inadzuka. Mipira ija inaoneka ngati miyezi 6 yatuluka usiku umodzi, golide anafunda, nkhope za ana zinabwerera m'malo. Ndinatsala pang'ono kululutira. Kenako ndinayang'ana khoma. Linali ngati madzi otsukira mbale, lotuwa molowera kobiriwira, looneka lakuda ndi litsiro pomwe penti anali wa sabata imodzi.

Apa ndiye ndinamvetsa chomwe makina a kusitolo aja ankachita. Gireyi si wakuda ndi woyera basi. Makinawo amadonthezamo mitundu ina pang'onopang'ono, ndipo gireyi aliyense ali ndi mbali yomwe amapendekera: wina ku buluu, wina kobiriwira, wina kofiirira. Pakabokosi ka patchati sungazione. Pakhoma la mamita 3 zimafuula. Wanga anali wopendekera ku buluu. Babu loyera linamukankhira kumene anali kupita kale, babu lachikasu linalimbana naye mpaka kutulutsa matope. Penti alibe mtundu wakewake woti aziyenda nawo paliponse. Amangobweza zomwe nyale yamupatsa.

Pali nambala inanso pakabokosi ka babu, ngati opangawo ali oona mtima mokwanira kuilemba, yotchedwa CRI, yomwe imathera pa 100, yosonyeza mmene babu limaonetsera mitundu ya zinthu moona. Babu la LED loyera m'kati mwake muli kagetsi ka buluu kokutidwa ndi mankhwala achikasu, ndipo maso athu amaphatikiza ziwirizi n'kuona zoyera. Kagetsi ka buluuko ndi komwe kanapezetsa asayansi Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura mphoto ya Nobel mu 2014. Chifukwa cha kapangidwe kotere, babu lotchipa limaperewera kufiira, ndipo chilichonse chodalira kufiira chimafooka pansi pake: matabwa a mlombwa, golide, dothi, komanso khungu lathuli. Ambiri ogulitsidwa amakhala cha m'ma 80. Mukapeza a 90 kapena kuposa, tengani amenewo. Kwa ine mfundo imeneyi ndi yaikulu kuposa ya penti imene. Polowera ndi pamene mlendo amakuona nkhope koyamba, ndi pamene mumagwirana chanza, ndipo sindifuna kuti wondichezera aziyamba ndi kundifunsa ngati ndadwala.

Ndinayamba kuwerenga malangizo pa intaneti, ndipo apa ndiwachenjeze anzanga omanga. Ambiri olemba za penti ali ku Britain ndi ku America. Amakuuza motsimikiza kuti chipinda choyang'ana kumpoto sichiona dzuwa, chimalandira kuwala kozizira, ndiye chipake mitundu yofunda. Kwawoko n'zoona, chifukwa dzuwa limawadutsa chakummwera. Ife Lilongwe ili pafupifupi madigiri 14 kummwera kwa ikweta. Mu Juni ndi Julaye dzuwa limapendekera kumpoto, ndipo chitseko chathu, chomwe chinayang'ana kumpoto, chikatseguka dzuwa limalowa mpaka pansi pa shandeliya. Kumapeto kwa Okutobala limadutsa pamutu penipeni, kenako limakhala chakummwera pang'ono mpaka mu Febuluwale, ndipo miyezi imeneyo kachipinda kathu kamakhala mumthunzi tsiku lonse. Khoma limodzi, nyengo ziwiri. Ndikanatsatira malangizo aja osaganiza, ndikanakonzera nyumba ya munthu wa ku London.

Ndiye pali khonde. Lathu ndi la simenti yofiira, ya polishi, lomwe mtsikana wanga wamkulu amalipukuta Loweruka lililonse mpaka kumadziona. Kutsogolo kwake kuli bwalo la dothi lofiira la ku Lilongwe kuno, kapinga sanamere. Dzuwa la m'nyengo yozizira likamenya pamenepo, kufiira konseko kumadumphira m'nyumba, n'kukakhala pakhoma ndi pasiling'i. Izi palibe tchati chomwe chingakuuze.

Ndinawaimbira apenta, mawu ali pansi. Sananditonze kwambiri.

"Safunsa anadya phula, mayi. Koma phula lake ndi la malita 20 okha, enatu amadya la nyumba yonse. Zidutswa za siling'i bodi zija munataya?"

Zinali kuseri, pamulu wa zotsala. Anadula zidutswa 5, chilichonse chachikulu ngati chitseko cha kabati, n'kuzipaka andakoti yoyera. Ananditumanso kusitolo, ulendo uno kukagula tizitini ta lita imodzi imodzi. Ine ndinkafuna tingopaka timabala pakhoma pomwepo, moyandikana, tione. Anakana. Anati mtundu umanama ukakhala pafupi ndi mnzake, ndipo pa gireyi uja chilichonse chioneka chachikasu kuposa mmene chilili. Patapita nthawi ndinadzawerenga kuti zomwezi zinamuzunguzapo Michel Eugène Chevreul, katswiri woyang'anira zonyika ulusi ku fakitale ya nsalu ya Gobelins ku Paris kuyambira mu 1824. Anthu ankadandaula kuti ulusi wakuda wa pafakitalepo ndi wofooka. Atafufuza anapeza kuti utoto unalibe vuto: wakudayo ankasintha maonekedwe malinga ndi mtundu womwe walukidwa pambali pake. Anazilemba mu 1839. Amayi ogulitsa zitenje mumsika amazidziwa osawerenga. N'chifukwa chake amakuyalira chitenje paphewa, pafupi ndi nkhope, m'malo mokuonetsa chili pamulu.

Kwa sabata ziwiri zidutswa zija zinkayendayenda m'kachipindamo. M'mawa ndisanapite kuntchito ndinkaziimika pakhoma loyang'anizana ndi chitseko, n'kutuluka panja, n'kulowanso ngati mlendo. Madzulo chimodzimodzi. Usiku ndinkayatsa shandeliya n'kukhala pansi pa simenti, n'kumangoziyang'ana. Ana anayamba kunong'onezana kuti amayi zawavuta.

Woyamba kugwa anali woyera mbee, amene ndinkamudalira kuti sangalakwe. Timikono takuda tinkaoneka bwino pa iye, ngati zolemba za inki papepala. Koma mipira yoyera ija inasowa. Choyera pa choyera, masana shandeliya inkaoneka ngati kangaude wopanda mazira ake. Komanso ndinaganiza za fumbi la mu Okutobala ndi manja a ana obwera kosewera mpira.

Wachiwiri anali kirimu, penti wa fuko lathu. Nyumba iliyonse ya lendi yomwe ndakhalamo inali ya kirimu, ndipo ndimamvetsa chifukwa chake: sakangana ndi munthu, amabisa fumbi, amapezeka paliponse. Masana anali bwinobwino. Usiku, pansi pa 3000K, chikasu cha babu chinaphatikana ndi chikasu cha penti, khoma n'kukhala ngati kasitadi. Choipa kwambiri, timikombero ta golide tinamira mmenemo, osaonekanso. Ndiye phindu la golideyo n'chiyani?

Buluu wakuda, uja wa yunifolomu, anandipweteka mtima kumusiya. Masana anali mfumu. Golide pa iye ankayaka. Koma kuwala kwa 3000K kuli ndi buluu wochepa, ndiye penti alibe choti abweze, ndipo usiku chidutswacho chinkangooneka chakuda bii ngati bolodi ya kusukulu. Akanafuna mababu oyera aja, omwe ndinali nditathana nawo kale.

Anatsala awiri, ndipo sindinathe kusankhapo mmodzi. Wina anali woyera koma wosayera, ngati ufa wa mgaiwa ukauyerekeza ndi ufa woyera: muli kakufiirira pang'ono, katuwidwe pang'ono, chikasu chochepa kwambiri kuposa cha kirimu. Masana ankalandira kufiira kwa pakhonde osasanduka pinki. Usiku ankafunda osafika pa kasitadi. Winayo anali wobiriwira wakuya, wa tsamba la mango lokhwima, osati lanthete. Ameneyu ndinamugula mongoyesa, chifukwa kamnyamata ka m'sitolo kanali katasakaniza wochuluka. Nditamuimika kumbuyo kwa shandeliya usiku woyamba, ndinaitana bambo a kunyumba. Timikono takuda tinazimirira m'kubiriwiramo, mipira 6 ija n'kutsala ikuyandama yokha m'malere, uliwonse ndi kamkanda kake ka golide. Popeza wobiriwira ameneyu ali ndi chikasu m'kati mwake, babu lofunda silinamuphe ngati linaphera buluu. Bambo anayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Iyi ndiye nyale ija anatumiza alamu." Ngati kuti masiku onsewa inali ina.

Ndinafuna kupaka makoma onse obiriwira. Apenta anangoti tidikire magetsi azime. Sitinadikire nthawi yaitali. Usiku umenewo anandiuza pafoni kuti ndiyatse kandulo mmodzi, ndimuike pansi, ndiyandikize chidutswa cha mgaiwa, kenako chobiriwira. Pafupi ndi cha mgaiwa kachipinda kanaoneka, mpaka ndinaona nsapato za ana pakona. Pafupi ndi chobiriwira kandulo anangodziunikira yekha. Makampani ena a penti amalemba nambala ya zimenezi patchati, LRV, kuyambira 0 mpaka 100, yosonyeza gawo la kuwala lomwe penti amabweza. Mitundu yoyera imakhala cha m'ma 80, yakuya ngati wobiriwira wangayu imatsikira cha m'ma 10. Zithunzi za pa Pinterest za zipinda zakuda mbali zonse zimajambulidwa m'mayiko momwe swichi ikadinidwa imayankha. Ife tiyenera kusankha penti woti azigwira ntchito ndi shandeliya, ndi nyale ya sola, ndi tochi ya pafoni.

Tinagwirizana motere: khoma limodzi lokha, loyang'anizana ndi chitseko, lomwe limakhala kumbuyo kwa shandeliya munthu akamalowa, likhale lobiriwira. Ena onse a mgaiwa, mpaka m'kolido. Siling'i yoyera. Nsima yambiri, ndiwo pang'ono, monga timadyera.

Tisanapake panabuka mkangano wina, wa kunyezimira. Bambo a kunyumba ankafuna gulosi, penti wa mafuta uja, chifukwa amatsukika, ndipo tili ndi ana atatu omwe sadutsa pakhoma osaligwira. Maganizo awo si olakwa. Masukulu ndi zipatala amapaka gulosi m'munsi mwa khoma pa chifukwa chomwechi. Koma apenta anazimitsa magetsi ena onse, n'kusiya shandeliya yokha, n'kutiuza kuti tiike tsaya pakhoma tiyang'ane cham'mbali. Mayo! Khoma lomwe ndinkaliyesa losalala linali ndi mafunde ngati nyanja ya ku Salima. Paliponse pomwe womanga anapumira, pomwe anayambiranso mawa lake, pomwe anatseka mzere wa paipi ya mawaya, zonse zinali poyera. Nyale yolendewera pafupi ndi khoma m'kachipinda kopapatiza imaunika mopendekera, ndipo kabampu kalikonse kamapeza mthunzi wake. Penti wonyezimira amawonjezera pamenepo, komanso amajambula mababu onse 6 pakhoma ngati galasi, moti m'malo mwa shandeliya imodzi umaona ziwiri, inayo yopindikapindika.

Kugumula pulasitala sikukanatheka, ndipo watsopano amafuna pafupifupi sabata 4 kuti aume bwino asanapakidwe. Anangodzaza malo oipitsitsa ndi filala, n'kukwecha ndi sandipepa masiku awiri, nyumba yonse fumbi loyera mpaka m'mapoto. Penti tinatenga wa madzi, wosanyezimira koma wolembedwa kuti amapukutika ndi kansalu konyowa. Ndi wokwera mtengo kuposa PVA wamba, koma kachipindako ndi kakang'ono. Tinawerengera limodzi kuseri kwa katoni: kuzungulira makoma ndi mamita 10.8, kuchulukitsa ndi 3, kuchotsa zitseko, kutsala masikweya mita pafupifupi 26. Lita imodzi imapaka masikweya mita 8 mpaka 10 pa koti imodzi. Khoma lobiriwira, la mamita 2.4 m'lifupi, linadya malita osakwana 3 ngakhale linafuna makoti atatu kuti mtundu ukhazikike. Pamakoma enawo anayamba ndi andakoti kuti gireyi asasuzumire pansi pa mgaiwa. Gulosi bambo anamupeza pa sikating'i ndi pamafelemu a zitseko, ndipo anakhutira.

Siling'i ndiye sinafune zokambirana. Shandeliya ya mipira imaponya kuwala mbali zonse, ndipo gawo lalikulu limapita m'mwamba. Siling'i yoyera yosanyezimira imakubweza pansi mofewa, ngati nyale yachiwiri yaulere.

Poti makwerero anali pomwepo, tinakonzanso kutalika kwake. Lamulo lomwe amisiri ambiri amatsatira ndi loti pomwe anthu amadutsa pansi, nyale isatsike kupitirira mamita 2.1 kuchokera pansi. Mnyamata wa zamagetsi anaiika pomwepo ndendende. Koma lamulo limenelo silinawerengere azakhali ochokera ku Dedza olowa m'nyumba dengu la mbatata lili pamutu. Tsiku lomwe anafika ndinamva kuti ngwee, mpira umodzi ukugwedera, ine n'kugwira pamtima. Sunasweke. Tinafupikitsa ndodo yake, ndipo pano ili pa mamita 2.4. Itakwera, mthunzi wa timikono pakhoma lobiriwira unasunthanso, n'kukhala ngati nthambi. Zimenezo sitinakonze, zinangochitika.

Gireyi wotsala uja sanatayidwe. Anapita ku stoo ndi kuchimbudzi chakunja, komwe babu lake ndi loyera ndipo palibe amene amayembekezera kulandiridwa mwaulemu. Akuoneka bwino ndithu kumeneko, mwina kuposa mmene ndingavomerezere.

Achimwene anabwera pa Khirisimasi. Anaima pakhomo ndi chikwama m'manja, n'kuyang'ana m'mwamba, n'kuyang'ana khoma, n'kunena kuti ku shopu komwe anaigula inali pakhoma loyera pakati pa zinzake zambirimbiri, ndipo sanadziwe kuti ndi yokongola chonchi. Kenako anafunsa ngati penti wobiriwirayo ndinachita kuitanitsa kunja. Ndinawauza kuti ndi wa m'tauni momwemu, wosakaniza kamnyamata kena kovala ovolosi yothimbirira.

Sabata yomweyo kunagwa mvula yamphamvu masana, ndipo madzulo ake kunatuluka ngumbi. Mababu ofunda sakoka tizilombo kwambiri ngati oyera aja, koma ngumbi za tsiku limenelo sizinasankhe. Ana anasiya chitseko chotsegula, beseni la madzi lili pakhonde, ndipo pofika m'mawa mapiko anali paliponse: pansi, pasikating'i, pamwamba pa mpira uliwonse, ena atamatirira pakhoma lobiriwira ngati timamba ta usipa. Ndinakwera makwerero ndi kansalu konyowa, n'kumapukuta mpira umodziumodzi, dzanja lina litagwira kamkombero kuti usazungulire. Apongozi, omwe anagona kwathu chifukwa cha chikondwerero, anabwera kudzandigwirira makwerero, ngakhale sindinawapemphe. Anakhala chete mpaka nditafika pa mpira wachisanu.

"Apongozi, wobiriwirayu anatsalako?"

"Pang'ono, mayi. Mwina theka la lita."

"Chitseko changa kumudzi chija chinasuluka."

Nditatsika ndinakawatengera kachitini ku stoo, n'kukamanga m'jumbo kawiri kuti kasatayikire m'minibasi.